Minibasi ya Severino Idalitsidwa Popanda Bandi

Mumzinda wonse wa El Alto munalibe dalaivala wofanana ndi Severino Callisaya, ndipo wokayika ankangofunika kufunsa mwini wakeyo. Anayamba ndi kukankha ngolo ya mbatata pamsika, kenako anayendetsa malole a eni ake mpaka ku Arica, ku Puno, ngakhale ku São Paulo, ndipo atabwerako anagula takisi yakeyake. Tsopano takisi ija anali ataigulitsa, ndipo pakhomo pake panaima minibasi yoyera mbee, yonyamula anthu khumi ndi asanu.

Koma inangoima basi. Bungwe la madalaivala linamuuza kuti sangalowe pamzere wonyamula anthu popanda inshulansi yokwanira, ndipo akachedwa, malo amene anamusungira apatsidwa kwa wina.

Severino anapita ku ofesi ya inshulansi atavala chipewa chatsopano, akuganiza kuti angosamutsa ya takisi ija n'kuwonjezerapo pang'ono. Mayi wa pakauntala atatchula mtengo, chipewa chija anachivula.

"Mayi, imeneyi ndi ya galimoto imodzi, kapena mwaphatikiza za mumsewu wathu wonse?"

"Imodzi, bambo. Takisi inkanyamula anthu anayi. Iyi ndi yaikulu, ndi yodula, komanso mitu yachuluka."

"Mukumudziwa amene mukuyankhula nayeyu? Ine ndatsika mapiri a ku Yungas mabuleki akununkha, osakanda ngakhale penti!"

"Mwachita bwino, bambo. Koma amene adzakugundeniyo sanapiteko ku Yungas."

Kunyumba, mkazi wake Primitiva anamvetsera nkhani yonse akusenda mbatata.

"Palibe vuto," anatero. "Tizigona m'minibasi momwemo. Mipando ilipo yokwanira ife ndi apongozi."

"Seka lero, mayi. Galimoto iyi ilowa pamzere, ine ndine Callisaya."

Ndalama zonse zinali zitathera m'minibasimo. Chimene chinatsala chokonzeka chinali mwambo wokaidalitsa kutchalitchi cha ku Copacabana Loweruka, poti mbali iliyonse ya mwambowo inali kale ndi padrino wake, munthu woilipirira: wina wa maluwa, wina wa mowa wothira pa matayala, wina wa bandi. Wa bandi anali Anacleto Tarqui, mwini butchala, amene Severino anamulipirira oimba pa ukwati wa mwana wake. Tsopano inali nthawi yake yobweza, ndipo anali atalonjeza bandi yaikulu ya ku Oruro, ya malipenga ogwedeza mawindo.

Severino anamupeza akunola mpeni.

"Achimwene, bandi ija isiyeni. Ndi ndalama yakeyo mukhale padrino wa inshulansi."

Anacleto analeka kunola. "Wa chiyani? Iwe Severino, mphepo ya ku São Paulo inakulowa m'mutu eti? Ndani anavinapo inshulansi?"

"Palibe. Koma ndani ananyamulapo anthu pa lipenga?"

"Wansembe akawaza madzi, ife tikathira mowa pa matayala, galimoto yatetezedwa. Makolo athu ankatero."

"Madziwo ndikuwafuna, mowawo ndikuufuna. Koma a bungwe akufuna pepala."

"Ndiye anthu adzati chiyani? Adzati Tarqui wasauka, wabweza bandi ndi kapepala kobisa m'kabati. Bandi imamveka, mkulu! Aliyense amafunsa kuti walipira ndani."

Apa Severino anaona pamene panali vuto. Anamugwira pamkono, epuloni ya magazi ili m'thupi, n'kumukokera mpaka kunyumba kwake, kumbuyo kwa minibasi. Galasi lakumbuyo linali lalikulu, losalembedwa kanthu. Pamenepo ndi pamene Severino ankafuna kulembetsa dzina lake ndi mizinda yonse imene anapondamo. Anali atawasanja kale mayinawo m'mutu, ndi mitundu ya penti yomwe.

Severino anagogoda galasilo ndi chala.

"Bandi amaimva tsiku limodzi, m'mawa mwake chotsala ndi mutu kuwawa. Apa ndilembetsa dzina lanu, zilembo zofiira, zazikulu ngati dzanja langali. Galimoto iliyonse yobwera m'mbuyo mwanga izikuwerengani, kuchokera kuno mpaka ku La Paz, tsiku ndi tsiku."

Anacleto anayang'ana galasi lija. Anatambasula manja kuliyeza.

"Ndi dzina la butchala lomwe?"

"Achimwene, musandiphe."

"Ndi butchala, kapena ndikuitana a ku Oruro."

"Chabwino. Ndi butchala."

Primitiva, amene ankamvetsera pakhomo, anaomba m'manja kamodzi. "Ndaona zachilendo lero. Severino wapereka malo odzitamira!"

Loweruka ku Copacabana, minibasi inaima pakati pa magalimoto ena itavala maluwa mpaka pamagalasi a m'mbali. Wansembe anawaza madzi pa injini ndi pamipando yonse, mowa unathiridwa pa matayala. Anthu ena anafunsa kuti bandi ili kuti. Severino anangowalozera kumbuyo, kumene kunalembedwa kuti ANACLETO TARQUI, NYAMA YABWINO, PADRINO WA INSHULANSI, kenako anakwera n'kuliza hutala mpaka nkhunda zonse za patchalitchi zinauluka. Primitiva anavina hutala yomweyo.

Lolemba, a bungwe anaona pepala, namulozera malo ake pamzere. Minibasi inadzaza msanga. Podutsa pa butchala, Anacleto anatuluka ndi mpeni m'manja, akuonetsa makasitomala galasi lake.

Mayina a mizinda aja sanatayike ayi. Poti pagalasi panalibenso malo, Severino ankawatchula pakamwa, ndipo wokhala mpando wakutsogolo ankawamva onse, kuyambira Arica, asanafike potsikira.