Amalume a Pakhomo la Kuseri

Amayi ankasita diresi lakuda loti avale pamaliro a amuna awo pomwe mlamu wawo, mng'ono wa malemuwo, analowa m'chipinda osagogoda.

"Alamu, wabwera. Ali pageti. Ndi mwana yemwe."

Sanafunse kuti ndani. Anaimika simbi n'kugwira m'mphepete mwa tebulo.

Malemuwo anali phungu wa Nyumba ya Malamulo. Anatchuka ndi kudzudzula makhalidwe otayirira, ndipo ndiwo ankalimbikira kuti mtsikana wotenga mimba asadzapondenso pasukulu. Kenako zinamveka kuti mlembi wa mu ofesi yawo ali ndi pakati pawo. Chipani chinawataya, mpingo unawachotsa pa ukulu, atolankhani anasandutsa geti kukhala kwawo. Papita zaka, koma mpaka lero galimoto ikangoima panja, mtima wa amayi umadumpha.

"Akuluakulu a chipani akhala kale mutenti," mlamuyo ananong'ona. "Atolankhani nawo angoti bii ngati akhwangwala padzala. Kamwanako kakangolira kuti 'bambo anga' pamaso pawo, tatha. Achimwene tiwaika m'manda kawiri."

"Ndiye mukuti titani?"

"Ndiwabweze. Ndinena kuti malo atha."

"Pamaliro malo amatha, alamu?"

Mlamuyo anayang'ana pansi. Amayi anatsinzina, milomo ikuyenda popanda mawu. Atatsegula maso anati, "Alowetseni cha kukhitchini."

Mlembi uja anavula nsapato pakhomo, n'kugwada pafupi ndi mbaula, osadzutsa mutu. Mwanayo anali mtsikana wa msinkhu wa kusukulu. Mphumi yake inali ya malemu ndendende, moti amayi anayamba ayang'ana kumbali kaye. Kenako anamugwira dzanja n'kupita naye pabalaza.

Amayi a kumpingo anali atazungulira bokosi, akuimba chapansipansi. Mawindo anali otsegula, moyang'anana ndi tenti. Mmodzi wa oimbawo anasendera osauzidwa, kusiyira mwanayo malo. Mlamu anaima pakhomo, thukuta lili kamukamu.

Mwanayo analiyang'ana bokosilo kwa nthawi.

"Amalume ali m'menemu?"

Mlamu anatulutsa mpweya ngati munthu amene watula mtolo.

"Amalume?" amayi anamufunsa.

"Eya. Amabwera kwathu Loweruka ndi mabuku. Ndi amene anandiphunzitsa kuwerenga. Amati ndidzafike mpaka kuyunivesite, wina asadzandiletse."

Anatambasula dzanja n'kugogoda bokosilo ndi chikhadabo, pang'onopang'ono, ngati mbewa ikukanda kabati.

"Amagogoda chonchi pakhomo lathu la kuseri, kuti aneba asamve. Ndipo amati ndikakumana nawo mumsewu ndisawapatse moni." Anatchera khutu pathabwa, kudikira.

Nyimbo inali itazima. Kukhitchini kunamveka kusisima kwa munthu wotseka pakamwa ndi nsalu.

"Alamu, zatikhalira bwino," mlamu anawanong'oneza m'khutu. "Zisiyeni choncho, chonde. Kunjaku akumva."

Amayi anayang'ana kuwindo. Anaona mitu ya anthu a masuti itatembenukira kunyumba, ndi kamera imodzi itakwezedwa m'mwamba. Anagwada mpaka maso awo analingana ndi a mwanayo, ndipo mawu anatuluka mokweza kuposa mmene ankafunira.

"Mwana wanga, awa si amalume ako. Ndi bambo ako. Ankachita mantha, nafenso takhala tikuchita mantha. Tikhululukire, mwana wanga. Tikhululukire tonsefe."