Mlendo wa Masiku Makumi Atatu

Chitseko chinamukana Lachiwiri, cha m'ma teni koloko m'mawa. Anali atangotsika kukataya zinyalala. Patapata kumapazi, foni m'thumba la epuloni. Atakweranso kunsanja yachitatu, anaika chala pakagalasi ka pachitseko monga mwa masiku onse. Kagetsi kanayaka kofiira.

"Pepani," chinatero chitseko. "Nthawi ya mlendo yatha."

Anapukuta chala pa epuloni. Anaikanso. Anayesa cha kumanzere. Yankho lomwelo, laulemu, losapsa mtima.

Anthu a m'mafulatimo ankamutcha Nasingano, poti ankasoka. Makina ake anali m'katimo, diresi la eni ake lili pansi pa singano. Zaka makumi awiri ndi zinayi ali m'nyumba imeneyo. Ndiye mlendoyo ndani?

Zipangizozi zinabwera chaka chatha. Eni mafulati anazula maloko onse n'kuika zitseko zomva mawu ndi chala. Magetsi oyaka okha. Mipopi yodzitseka. Mwamuna wake, dalaivala wa basi, anazikonda ngati mwana amene wagulidwira chidole. Ankauza makatani kuti atseguke, kenako atseke, kungofuna kuwaona akuyenda. "Mwaona, mayi? M'nyumba muno wapezeka wondimvera." Tsopano mwamunayo anali atatha mwezi ali kumanda. Mtima. Unangoima ali ku depoti, kapu ya tiyi ili m'manja.

Nasingano anatsikira ku ofesi ya mafulati, pansi penipeni, pafupi ndi geti. Kalaliki anali mayi wa magalasi, wolankhula motsitsa. Anagogoda pakompyuta.

"Nambala 3C. Mwini nyumba ndi bambo. Inuyo munalembedwa ngati mlendo."

"Mlendo? Ine? Mwana ndinabereka ndili m'menemo, mpaka wakula, wapita."

"Tsiku lolembetsa munalipo, amayi?"

Panalibe. Anali kwa mng'ono wake, amene anali atangochira kumene. Bambo analembetsa okha. Iye atabwera anangomuika chala m'njira yachidule, ya alendo. Mlendo amapatsidwa masiku makumi atatu. Akatha, mwini nyumba amawonjezera ndi mawu ake. Mwezi ndi mwezi mwamunayo ankawonjezera, osanena kanthu. Mwina ankaiwala. Mwina ankati adzakonza mawa.

"Basi sinthani. Mundilembe ineyo."

"Wosintha ndi mwini nyumba, amayi. Ndi pakamwa pake."

"Mwini nyumbayo tinaika."

Kalaliki anavula magalasi. Anapepesa, ndipo zinkaoneka kuti zamukhudzadi. Njira ina inalipo. Kalata ya imfa, kalata ya ukwati, zonse zipite ku likulu la kampani ya zitsekozi. Masabata asanu ndi limodzi, zikayenda bwino.

"Makalatawo ali m'nyumbamo. M'sutikesi, pamwamba pa wadiropu."

Kalaliki anayang'ana kompyuta.

Mlonda wa pageti anamva zonse, poti chitseko cha ofesi chinali chotsegula. Bambo wachikulire, wa ndevu zoyera. Anakwera naye masitepe, akupuma movutikira.

"Kale ndikanabwera ndi kachitsulo. Mphindi ziwiri, mwalowa. Ichi mukangochikanda chimalira, chimaitana apolisi chokha. Ine pano ndimalondera chiyani? Ndimangopereka moni kwa makamera."

Nasingano anatulutsa foni. Anali ndi uthenga umodzi wa mawu wa mwamuna wake umene sanafufute. Chimwalirireni mwamunayo anali asanaumvetsere. Anayandikiza foniyo pachitseko, n'kudina.

"Mayi, musandidikire. Idyani."

Kagetsi kanaphethira. Kachikasu.

"Mawu ndawazindikira. Kuti nditsimikize, nenani mawu awa: botolo, mvula, seveni."

Anadinanso.

"Mayi, musandidikire. Idyani."

"Nenani mawu awa: botolo, mvula, seveni."

Kachitatu kagetsi kanabwerera kufiira. Mlonda anali akuyang'ana khoma, ngati pali chinachake cholembedwa.

"Malemuwa analibe m'bale wawo?" anafunsa patapita kanthawi. "Ku 2A kuli mapasa. Amatsegulirana zitseko. Chimasokonezeka chinthuchi."

M'bale analipo. Mng'ono wake wa malemu, wogulitsa matayala akale. Mawu awo anali amodzi. Pafoni ngakhale Nasingano ankawasokoneza, mpaka tsiku lina anauza mlamuyo kuti agule sopo pobwera. Anaseka nazo chaka chathunthu. Koma ndi mlamu yemweyo amene tsiku lobwera kumanda anaima pabalaza, maso akuyenda m'makoma. "Zipinda zitatu munthu mmodzi, alamu? Ife asanu ndi awiri tikupanikizana m'ziwiri." Chiyambire tsikulo Nasingano sankayankha foni zake.

Anakhala pasitepe. Mlonda anabwerera kugeti. Magetsi a m'kanjirako anazima, poti panalibe woyenda. Akagwedeza mkono ankayaka. Akakhala chete ankazimanso. Anadutsa mayi wa ku 3A ndi jumbo ya masamba, anamva nkhani, anati kalanga ine, anamupatsa madzi, analowa kwake. Chitseko chake chinamulonjera ndi dzina.

Wani koloko inakwana. Mutu unayamba kugunda. Mapiritsi a BP anali m'katimo, pafupi ndi shuga. Mwini diresi anaimba kawiri. Nasingano anayang'ana nambala ya mlamu wake nthawi yaitali. Kenako anadina.

Anafika cha m'ma thuu, akununkha labala, makiyi a galimoto akuzungulira pachala.

"Alamu, mpaka kuthamangitsidwa ndi chitseko? Munachilakwira chiyani?"

"Tangolankhulani, alamu. Mutu ukundipweteka."

"Foni zanga simuyankha. Ndimati mwina ndinafa ndine."

Anakonza kukhosi. Anaima mowongoka, manja kumbuyo.

"Tsegula."

"Mawu ndawazindikira. Nenani mawu awa: supuni, mtambo, naini."

"Supuni. Mtambo. Naini."

Nasingano anagwira khoma. Akanatseka maso akanati mwamuna wake waweruka msanga. Kagetsi kanayaka kobiriwira. Loko anati khethe.

"Takulandirani, bambo. Mlendo wanu nthawi yake yatha. Ndimuwonjezere masiku angati?"

Mlamu anaseka mpaka kugwira bondo. "Mwamva? Akuti bambo."

"Chiuzeni chindilembe ngati mwini nyumba," anatero Nasingano. "Mawu awiri okha, alamu. Chikumverani."

Kuseka kunatha pang'onopang'ono. Mlamu anasuzumira m'katimo. Magetsi anali akuyaka limodzilimodzi, kuyambira pakhomo mpaka pabalaza, kumukonzera njira.

"Zimenezo sizothamangira. N'zofunika a pabanja tikhale pansi."

"Ndiye makumi atatu. Monga ankachitira akulu anu."

"Ndimuwonjezere masiku angati?" chinafunsanso chitseko.

"Asanu ndi awiri," anatero mlamu.

"Zatheka."

Anatembenuka, nkhope yowala, ngati munthu amene wathandiza. "Kuti tizionana, alamu. Mwasowa kwambiri inu. Lachiwiri likubwerali ndibwera ndi mayi a ana, adzaoneko khitchini."

Analowa ndi nsapato zake zamafuta. Nasingano anamutsatira. Anawerenga mumtima. Makalata akapita mawa, masabata asanu ndi limodzi, zikayenda bwino. Kasanu ndi kamodzi kuimba foni. Kasanu ndi kamodzi kumudikira pasitepe.

Mlamu anali ataima pakhomo la chipinda chosokera. Ankayeza ndi mapazi, chidendene kugunda chala, kuchoka kukhoma kukafika pawindo.

"Muno mungalowe mabedi awiri osanjikiza," anatero. "Makinawa angakwane pakhonde, eti alamu?"

Yankho linafika mpaka pamilomo. Linali lakuthwa. Analimeza.

"Angakwane," anatero.