Mkuyu wa ku Battlefields

Ku Battlefields kulibe phiri, koma a Morrison Chalo ankatsanzika kuti akupita kuphiri. Phirilo linali mulu wa dothi umene mgodi wakale unasiya. Seputembala aliyense ankakwera pamenepo, mawondo akulira ngati chitseko, kukawerenga mphamba ndi ziwombankhanga zochokera kumpoto. Magalasi oonera patali anapatsidwa ndi gulu lina la okonda mbalame, ndipo kuyambira tsikulo ankadzitcha Woyang'anira Dera. Deralo silinauzidwe.

Kumunsi kwa muluwo kunali mkuyu, mmene ziwombankhanga ziwiri zinkafikira pachisa chomwechomwecho chaka ndi chaka. Ankazikonda chifukwa zinali zobwera ngati makolo awo, amene anachoka kwawo kudzagwira ntchito m'migodi, kungoti izo zinkadziwa njira yobwerera.

Chaka chino anapeza dzenje patsinde pa mkuyuwo, mizu ina itadulidwa kale. M'dzenjemo munatulukira mutu wa Tichaona, mwana wa mlongo wawo, mmodzi wa makorokoza okumba golide paliponse pamveka mphekesera.

"Iwe, ukufuna chiyani pamenepo?"

"Zomwe mwaonazo, sekuru," anayankha Tichaona m'Chishona, monga mwa masiku onse. "Munthu wokalambira pansi pa mgodi, n'kumayang'ana mtengo umodzi tsiku lonse ndi makina? Musadye nokha."

"Ndimayang'ana mbalame ine."

"Eya, mbalame." Tichaona anatsinzinira mnzake amene anali naye m'dzenjemo. "Nafenso tikukumba mbalame."

A Chalo anafotokoza za udindo wawo, za maulendo a mbalame, za mayiko amene zimadutsa. Okumbawo anamvetsera mwaulemu, kenako analavulira m'manja n'kutola mapiki. A Chalo akamakana kwambiri zoti pali golide, m'pamenenso mapiki ankachuluka. Mkuyu unayamba kupendekeka.

Tsiku lina m'mawa a Chalo anakwera muluwo pang'onopang'ono, n'kuufulatira mkuyu. Analoza magalasi kuthengo la minga kumene ngakhale mbuzi zinkangodutsa. Anakwinya nkhope, anagwedeza mutu, ndipo ataona kuti anthu akuwayang'ana, anabisa magalasiwo m'malaya mofulumira. Dzuwa lisanafike paliwombo, mapiki onse anali kuminga.

Vuto linali loti bodza limafuna kulondera. Akangoti atembenuze khosi, wina kumunsi ankasiya kukumba n'kutsata maso awo. Choncho Woyang'anira Dera anatha nyengo yonse akuyang'anira minga, thukuta likutsika m'kolala, mbalame zikudutsa kumbuyo kwawo osawerengedwa. Nthawi zina chithunzithunzi cha mapiko chinkawadutsa pamapazi. Nthawi zina ankamva kulira kochokera mumkuyu, koma sankacheuka.

Madzulo ena akazi awo, a Malita, anawapeza atakhala pakhonde, akudzisisita khosi.

"Lero mwaona zingati, a Woyang'anira?"

"Sindinaone n'imodzi yomwe."

"Ndiye mumakwereranji?"

A Chalo anavula nsapato, n'kukutumula dothi loyera.

"Mkuyu ulipo," anatero. "Mawa mundidzutse."