Manda a Agogo Mikaele

Dickson akanakhala pafupi, Idesi akanamugenda ndi chikho. Koma mlongo wakeyo anali ku Joni, ndipo mawu ake ankamveka pa foni, odekha ngati a munthu amene anaiwala kulemera kwa khasu.

"Achemwali, agogo Mikaele tinawataya kwambiri. Tiwamangire chiliza mvula isanagwe."

"Tichimange pati? Manda awo ukuwadziwa iweyo?"

"Si inu muli kumudziko? Funsani."

Idesi anali mayi wamasiye, ndipo munda wake ku Kadewere, m'boma la Chiradzulu, unali usanathe mizere. Za agogo akewo ankangodziwa zomwe malemu mayi ake ankanena. Mikaele Nakoma anachoka ku Mozambiki ali mnyamata, kuthawa chikoti cha Apwitikizi. Analowera cha ku Phalombe atasenza khasu ndi mtolo wa mbewu ya chinangwa, anagwira thangata pa esiteti ya mzungu, kenako n'kukwatira ku Kadewere. Atabereka ana atatu n'kuswa mphanje mpaka kumtsinje, tsiku lina anati nthaka yatopa. Anapita kukaona malo ku Nchema, kupita kwake kunali komweko.

Idesi anakwera kabaza wa ku Nchema akung'ung'udza njira yonse. Atafunsafunsa, anamulozera kwa a Easter, gogo wina amene anamupeza akupeta nandolo pakhonde.

"Mikaele? Bambo anga amenewo!"

"Bambo anu bwanji? Kodi anakwatiranso kuno?"

"Nanga munda akanaupeza bwanji, mwananga? Munda ndi wa mkazi." A Easter anaika lichero pansi. "Chimanga ankachidziwa, nkhokwe ziwiri chaka chilichonse. Koma njala ya fote naini itavuta, anati akukasaka chakudya ku Namadzi. Mayi anadikira mpaka imvi mbuu. Ndiye mukawapeza, chilizacho chimangidwe kuno. Ife ndi amene anatisiya pa njala."

"Nanga ife anatisiya pa phwando?" anatero Idesi, n'kutsanzika asanayankhule zoposa pamenepo.

Ku Namadzi anataya tsiku lathunthu pamsika, fumbi lili m'mano. Madzulo ndi pamene anakumana ndi a Halidi, mkulu wogulitsa nsalu pafupi ndi siteji ya minibasi. Atamva dzinalo anaseka mpaka kutsokomola.

"Che Nakoma! Ndinali mwana ine, ankalima dimba la bambo anga. Kabichi wake mutu ngati ndowa. Manja anali abwino, mayi, koma mapazi ndiwo ankayabwa."

"Anagona manda ati?"

"Kugona? Kuno sanafere. Anatsatira mayi wina woumba mbiya, kuwoloka Shire. Ankati ku Mwanza."

Idesi anaimba foni ali chiimire.

"Dickson, agogo akowa anali mlimi kapena minibasi? Paliponse kuima, kukweza, kutsitsa, ulendo!"

"Limbani mtima, achemwali, mwatsala pang'ono."

"Mwatsala pang'ono, ukunena uli pa sofa?"

Komabe Lolemba lotsatira anadzuka m'mamawa, kukwera ya ku Limbe, kusintha, n'kulowera ku Mwanza, miyendo itapanikizika ndi matumba a eni ake. Pofika pamenepa sankayendanso chifukwa cha Dickson. Ankafuna kukaima pamutu pa nkhalambayo n'kuiuza mawu awiri atatu.

Akumpingo ndi amene anamuthandiza. Anamuperekeza kumudzi wina kufupi ndi malire, kwa a Timoti Nakoma, bambo wachikulire amene anali kusema mpini pansi pa mtengo wa manachesi. Bamboyo atadzutsa nkhope, Idesi anangoti kakasi. Mphuno, mwanya wa m'mano, ngakhale kapendekedwe ka mutu, zonse zinali za malemu mayi ake. Misozi inalengeza, ndipo zimenezo zinangomuwonjezera mkwiyo.

Anafotokoza za ulendo wake wonse, a Timoti akungogwedeza mutu.

"Tsono amalume, ndionetseni manda ndizipita."

A Timoti analoza ndi mpini uja kumapiri a kumadzulo.

"Atakalamba anamva zoti kuseri uko kuli nthaka yakuda yomwe khasu silinaikhudzepo. Mayi anawaletsa, ine ndinawabisira khasu padenga. Anabwereka la aneba. Tinawasaka, koma kenako nkhondo inayamba kumeneko, njira n'kutsekeka."

"Kuseriko ndi mudzi wa yani?"

"Si mudzi, mwana wa mlongo wanga. Ndi ku Mozambiki."

Idesi anakhala pansi, padothi pomwepo, osadikira mkeka.

"Mukutanthauza kuti munthu anathawa Mozambiki, kudutsa dziko lonse lino, kusiya akazi ndi ana m'njira monsemu, kuti akafere ku Mozambiki komweko?"

"Zakufazo sitinamve bwinobwino. Ena ankati anakwatiranso."

"Basi! Ine malire sindiwoloka. Akagone komwe agona."

Idesi anagona kwa a Timoti tsiku limenelo. M'mawa akumanga chitenje, anapeza a Timoti avala jekete, nkhuku ili m'khwapa.

"Sindinkadziwa kuti ndili ndi abale ku Chiradzulu. Mlongo wanga wa ku Nchemayo ndikamuone ndisanafe."

Akanakana bwanji? Anabwera nawo ku Kadewere, n'kutumiza uthenga ku Nchema. A Easter anafika pa njinga yamoto atagwira woyendetsa m'chiuno, ndipo okalamba awiriwo atayang'anizana analira ngati pamaliro. Misozi isanaume n'komwe anali atayamba kukangana kuti mayi wa ndani anavutika kwambiri.

Chiliza sichinamangidwe. Dickson atamva nkhani yonse anangoti abwera pa Khirisimasi adzaone abale atsopanowo. Mlungu unatha, wachiwiri n'kuyamba, alendo osatchula za ulendo. Idesi ankapita kumunda mbandakucha, kubwerako n'kuyamba kuphika, akumenyanitsa mapoto kuti amve.

Sanamve. Anali pansi pa mtengo wa mango, akutsutsana ngati bambo awo ankapemphera asanadye.