Phazi la Shuga ndi Mtedza

A Langford Sakala anali sikauti wa nyama pa geti lina kufupi ndi Mfuwe. Ntchito yawo yeniyeni inali yokweza mtengo wotchinga msewu galimoto ikabwera, n'kuutsitsanso ikadutsa. Galimotozo zinkabwera ziwiri, tsiku labwino zitatu. Nthawi yotsalayo ankapukuta nsapato za boma ndi kulingalira za mikango.

M'mawa wina wa Okutobala, dziko litatha zaka ziwiri likudzilamulira, anapeza mapazi aakulu m'matope, panjira ya kumtsinje kumene akazi ankafukula madzi mumchenga. Anayeza phazi limodzi ndi chikhatho, nalengeza kuti unali mkango wamphongo, wokalamba, wamtima woipa. Njirayo anaitseka ndi minga. Kuyambira tsiku limenelo akazi awo, a Delia, ankakatunga kudambo lakutali, ulendo wa ola lathunthu kupita kokha, dzuwa la m'chigwa likuwotcha mpaka ndowa kumakana kugwiridwa. M'mawa uliwonse a Langford ankapita okha kukazonda, mfuti paphewa, n'kubwerera ndi nkhope yolemera kudzanena kuti wadutsanso.

Atatha masabata awiri, a Delia ananena mosakweza mawu kuti Loweruka akwera lole ya a Onesmus kupita kwawo ku Msoro. Kumeneko mwana wawo Judith anali pasukulu ya mishoni, ndipo chitsime chinali kuseri kwa nyumba. Adzabwerera, anatero, mkangowo ukadzapuma pantchito. Mtolo anamangiratu Lachitatu, n'kuuika pakhomo pamene munthu sakanalowa osaulumpha.

A Langford anapita kukadandaula kwa a Benwell, khuki wa pakampu ya alendo, munthu amene anaphikirapo azungu zaka khumi ndi zisanu ndipo sankalola kuti wina aiwale zimenezo. A Benwell anafunsa ngati mayiwo ali ndi tsiku lobadwa. Mwamwayi linalipo, ndipo linali latsopano. Chaka chapitacho kalaliki wolemba zitupa anawafunsa kuti anabadwa liti, iwo n'kuyankha kuti chaka cha dzombe, mvula isanagwe. Kalaliki anayang'ana kudenga nalemba 21 Okutobala. Tsikulo linali Lachisanu likudzalo.

A Benwell anafotokoza kuti anthu otsogola amati likafika tsiku lotere, mwamuna amapatsa mkazi chinthu chotsekemera, ndipo mkazi amaiwala zolakwa za chaka chonse. Keke sinali yotheka chifukwa ufa wa tirigu unali wa alendo. Koma shuga wosungunula wothira mtedza wokazinga, ameneyo ngakhale sikauti akhoza. Chofunika n'chakuti akhale ndi maonekedwe. A dona ena ankamupanga ngati mtima, ena ngati nsomba.

Mtima ndi nsomba a Langford anaona kuti n'zachibwana. Iwo anaonapo mzungu wina akuthira phala la laimu m'phazi la nyalugwe, litauma n'kupita nalo kwawo. Tsono Lachinayi m'mawa anatenga chikwanje, nasankha phazi looneka bwino koposa, nadula dongo lonse mozungulira ngati njerwa. Analiyanika padzuwa mpaka masana, naliwotcha pamakala kuseri kwa kanyumba ka pageti. Linang'aluka pambali pokha. Chikombole chinapezeka.

Shuga woyamba anapserera pamene iwo anali kukweza mtengo kuti galimoto ya a dokotala a ziweto idutse, ndipo fungo lake linafika mpaka kunyumba. A Delia anasuzumira, naona amuna awo atagwada pamoto, yunifolomu ili yonse, akupemerera chitini ndi chipewa cha boma. Shuga wachiwiri anasungunuka bwino, nasanduka wofiirira ngati uchi wakale. A Langford anathiramo mtedza, natakasa ndi kamtengo, napaka mafuta m'chikombole monga a Benwell analangizira, nathira. Kenaka anakhala pambali pake ola lathunthu kuthamangitsa nyerere, zimene sizinkalemekeza yunifolomu.

Chinatuluka chokongola, zimenezo palibe akanatsutsa. Phazi lathunthu lonyezimira, zala zinayi, ndipo kutsogolo kwa chala chilichonse kansonga kakuthwa. A Benwell, amene nyama ankaidziwa ikakhala mumphika, anati chinthu chotere ngakhale kwa bwanamkubwa sichinaonekepo.

Lachisanu masana a Delia anali pakhonde akusankha nyemba. A Langford analumpha mtolo uja, naima chilili, mbale yovundikira ili m'manja. Anayamba ndi kufotokoza za mwambo wa anthu otsogola, napitirira ku zoopsa zimene anadutsamo kuti mphatsoyo ipezeke, popeza mwini phazi akanatha kubwerera nthawi ina iliyonse kudzafunsa za phazi lake.

"Amake Judith, lero mwabadwa," anamaliza motero, navundukula.

A Delia anapukuta manja pachitenje, nalandira ndi manja awiri. Analitembenuza, naliyang'ana pansi, nalipendeketsa kudzuwa. Atate awo anali mlenje, ndipo iwo ali mtsikana ankawanyamulira mkute m'tchire. Koma pabanja nkhani za nyama zinali za a Langford, ndipo palibe anawafunsapo.

"Atate ake Judith, limeneli ndiye phazi lija la kumtsinje?"

"Lomwelo. Sindinawonjezepo kanthu."

"Ndi zikhadabo zomwezi?"

A Langford anavomera monyadira, nati zikuonetsa kuti chilombocho chinali chitakwiya.

A Delia anafotokoza, mwaulemu wonse, ngati akunena za mtengo wa mchere, kuti mkango ukamayenda umabisa zikhadabo ngati mphaka, ukwiye usakwiye. Amene amasiya zikhadabo m'matope ndi galu ndi abale ake. Anawaonetsanso chidendene: cha mkango chimakhala ndi timapiri titatu kumbuyo, ichi chinali ndi tiwiri, ndiponso chopendekeka.

"Uyu ndi fisi, bambo. Amabwera kudzanyambita zitini za a Benwell."

A Langford anayang'ana kumsewu, koma galimoto ziwiri za tsikulo zinali zitadutsa kale. Anati mwina ndi mkango wolumala. A Delia anati mwina. Anawerenga pazala masiku amene anayenda kudambo, nafika khumi ndi asanu ndi limodzi, nawatchula mokweza kamodzi kokha.

Kenaka anamva mawu a akazi a masikauti ena akubwera kudzaona mphatso, pakuti a Langford anali atalengeza pakampu ponse kuyambira dzulo lake. Amunawo anayamba kutuluka thukuta loposa la Okutobala. A Delia anawayang'ana, nayang'ana phazi lija. Anabenthula kachikhadabo koyamba n'kuponya m'kamwa, kachiwiri, kachitatu. Kachinayi anapatsa amuna awo. Chidendene anachiphimba ndi chala chachikulu.

Amayi aja anafika napeza phazi la mkango labwinobwino, nazizwa nalo, nalandira kachidutswa aliyense. Wina anafunsa ngati chilombocho chikadali pafupi. A Delia anayankha, akutafuna, kuti a Sakala achipirikitsa m'mawa womwewo, ndipo minga ija akukaichotsa tsopano lino, dzuwa lisanapendeke.

A Langford anavala chipewa napita kukachotsa minga. Pobwerera anakumana ndi akazi awo panjira, ndowa m'manja, akulowera kumtsinje.

"Shuga wake munapsereza pang'ono," anatero a Delia osaima. "Mawa a Onesmus akafika muwapatse chotsalacho akapatse Judith. Ine ndili ndi zochapa zambiri."