Njere Imodzi Yoti Bambo Alume

Ndinalota ndili kuntchito kwathu ku Lilongwe, kumene timagula ndi kugulitsa chimanga chimene sichinadzalidwe n'komwe, pa mtengo wogwirizaniratu lero. Mpaka pano mtima sunakhale m'malo.

M'malotomo ofesi yathu inalibe denga. Anzanga ankakuwa pa foni, "Ndagula chokolola cha chaka chamawa! Ndagulitsa!" koma panalibe thumba ngakhale limodzi. Mvula yofunda inkagwera pa makompyuta, ikununkhira gaga.

Kenako analowa malemu bambo anga, akukankha njinga yawo ija, sikelo ili pakaliyala. Ali moyo ankagula chimanga m'midzi ya ku Mchinji, ndipo sankatchula mtengo asanalume njere kuti amve ngati chauma.

"Iwe Tadala," anatero, "tandipatsa njere imodzi ndilume."

"Sichinadzalidwe, bambo. Mbewu yake ikadali m'sitolo."

"Nanga ukugulitsa chiyani, mwanawe?"

Sanakalipe. Anangotambasula dzanja lawo lija la chipsera cha chikwakwa. Ndinapisa m'matumba onse, ndikufunitsitsa kuti akhaleko pang'ono, koma munkangotuluka mafoni ozizira ngati achule. Nditadzutsa mutu, njinga inali itaima yokha, gudumu likuzungulirabe.

Kaya ankandidzudzula, kaya anangondisowa, sindikudziwa. Kutacha ndinadzera kumsika, n'kutola njere pa mulu wa mayi wina wogulitsa chimanga. Nditailuma, inalira kuti khwa!

"Chauma chimenecho, achimwene," anatero mayiwo. "Ndikuyezereni chambiri bwanji?"

Amene ndinkafuna kuti amve kulirako panalibe.