Phazi pa Msana wa Mayi Gwanda

Temwa anabadwa wochepa thupi, ndipo kuchepako n'kumene kunamuika m'mavuto ku Glasgow. Akanakhala wojintcha ngati anzake, bwenzi atangoima kumapeto kwa mzere n'kumazunguza zibonga zake mwamtendere. Koma ayi. Kate atangomuona tsiku loyamba, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kulengeza kuti wokwera pamwamba wapezeka.

Kateyu anali mphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi, mayi wa ku Springburn komweko, wa tsitsi lofiira ndi mawu osafuna chimkuzamawu. Holo imene Amalawi amamweramo tiyi akaweruka ku tchalitchi inkakwanitsa zaka zana limodzi, ndipo oyang'anira holoyo anaganiza zokumbukira zimene zinkachitikamo kalelo. Pakhoma panali chithunzi chakale cha azimayi atavala madiresi akuda ofika m'mawondo ndi masokosi akuda, aliyense atanyamula tizibonga tiwiri tamtengo, nkhope zili gwa ngati akupita kumaliro. Kate ankaloza mmodzi wa iwo n'kumati ndi agogo a amayi ake. Ankati masiku amenewo, amuna akamapanga mitu ya sitima kufakitale, akazi ankapikisana pa jimunasitiki m'magulumagulu, ndipo oweruza sankaona munthu mmodzi, ankaona gulu. Wina akaphonya, mwaphonya nonse. Ndiye pa chikondwererocho ankafuna mpikisano wa mtundu womwewo, zovala zomwezo, piyano yomweyo, matimu ochokera m'madera a mzindawo.

Amayi a ku tchalitchi anayamba n'kukana, ati ife ndi mawondo athuwa? Koma Mayi Anastasia Gwanda atamva kuti azimayi a ku Shawlands avomera kale, nkhani inathera pomwepo. Mayi Gwanda ankagwira ntchito yosamalira okalamba, koma pa utsikana wawo anali katswiri wa ntchemberembaye ku Zomba, ndipo kuluza ankadana nako kuposa chisanu cha mu Januwale. Sanafunse maganizo a munthu. Anangoloza ndi chala: inu, inu, ndi inu. Temwa analozedwa ali ndi sikono kukamwa.

Apa ndiye mumve bwino. Mayi Gwanda anali amayi ake a Eneya, ndipo Eneya anali chibwenzi cha Temwa. Anakumana ku Hillhead, kumene Temwa ankachita maphunziro a zaumoyo, ndipo za ukwati anali atagwirizana kale awiriwo atakhala pa benchi ina yonyowa. Koma kwa akuluakulu nkhani inali isanafike. Ankadikira malume ake a Eneya, a Charles, amene anali ku Malawi ndipo ankayankha foni pokhapokha mtima ukawauza. Ndiye mwamwambo Mayi Gwanda sankadziwa kanthu. Ngati ankadziwa, nkhope yawo sinkaulula. Akamanena za Temwa ankangoti mtsikana wa ku Hillhead uja. Moni wake ankayankha mwachidule. Tsiku lina Temwa anadzuka m'mamawa kukazinga mandasi kuti awasangalatse, iwo analuma limodzi n'kunena kuti mafuta achuluka pang'ono, kenako n'kudya ena awiri. Mtsikanayo ankakwera sitima yobwerera kwawo mutu utaima, osadziwa ngati amamuda kapena ndi mmene analengedwera. Chimene mtima wake unkafuna chinali chimodzi basi, kuti mayi amenewa adzamulandire.

Kuyeserera kunkachitika Loweruka masana, ndipo poyamba zinali zomvetsa chisoni, abale. Zibonga zinkawombana m'mwamba. China chinathawa m'manja mwa Mayi Lucia n'kukagogoda chitseko cha kukhitchini, mpaka wophika tiyi anayankha kuti lowani. Kate ankawerenga wani, thu, firii, amayi aliyense n'kumalowera kwake. Zinayamba kuyenda tsiku limene Olivia, namwino wa nthabwala zosatha, anayambitsa nyimbo ya kwaya chapansipansi. Manja onse anangogwirizana okha, Kate kukamwa yasa. Kuyambira tsiku limenelo ankaimbira mumtima, piyano n'kumawatsatira pambuyo.

Kumapeto kwa zonse kunali chimene amayiwo anachitcha phiri. Awiri ankagwada moyandikana n'kugwira pansi ndi manja, ena n'kuima mbali ndi mbali atatambasula mikono, ndipo wopepuka ankakwera, phazi lina pamsana uwu, lina pamsana uwo, zibonga m'mwamba. Ogwada anali Olivia ndi Mayi Lucia. Kuponda Olivia sinali nkhani, anali mnzake. Kwa Mayi Lucia ankayamba wapepesa, iwo n'kumati ponda mwanawe, ukundiwongola msana.

Mpikisano utayandikira, Mayi Lucia anaterereka potsika basi n'kubinya dzanja. Anabwera litakulungidwa bandeji, akupepesa ngati analakwira boma. Kate anafunsa amene angalowe m'malo, ndipo asanatseke pakamwa Mayi Gwanda anali atagwada kale. Ati msana uwu wabereka ana atatu, wanyamula nkhalamba za Azungu zosawerengeka, nanga kamtsikana aka n'chiyani.

Temwa anakulira ku Ekwendeni, kumene mkazi sapereka madzi kwa amayi a mwamuna wake ali chiimire. Kungolumpha miyendo ya munthu wamkulu unkalandira mbama yoti ukaikumbuke mpaka ukalamba. Ndiye lero akaike phazi, phazi lenileni loyendera pansi, pamsana pa mayi wobereka Eneya? Pamaso pa mpingo wonse, mafoni akujambula, kanema n'kukafika ku Malawi dzuwa lisanalowe? Anagwira katumba n'kunena kuti mwendo wakokana. Anamukhazika pampando, Mayi Gwanda akumuyang'ana cham'mbali.

Anakamudandaulira Eneya akudikira sitima. Mnyamatayo anabwera ku Scotland akadali mwana. Chichewa amamva chonse, koma amayankha m'Chingerezi cha ku Glasgow chija chomeza zilembo. Anaseka mpaka misozi. Ati amayi ake ndi olimba ngati njanji, sangathyoke. Temwa anati nkhani si kuthyoka. Iye anafunsa kuti nanga nkhani n'chiyani. Temwa anamuyang'ana mwamuna amene ankafuna kukwatiwa nayeyo, n'kuona kuti pa nkhani iyi ndi wabwino nkhope yokha.

Anapita kwa Kate. Anafotokoza mozungulira, kuti kwathu phazi ndi chinthu china, kuti munthu wamkulu sapondedwa. Kate anagwedeza mutu ngati wamvetsa kwambiri, ndipo m'mawa mwake anamubweretsera masokosi atsopano akadali m'pepala, kuti asadandaulenso za litsiro. Za kusintha anthu anati n'zosatheka. Wopepuka wina panalibe, Mayi Gwanda anali atanena kale kuti pamalopo sachoka, ndipo timu yopanda phiri ndiye kuti yagonja isanayambe.

Apa Temwa anagwira njakata. Akakwera, wanyoza amayi a Eneya asanalowe n'komwe m'banja. Akakana, wagwetsa timu yawo pamaso pa azimayi a ku Shawlands, ndipo chimenecho ankadziwa kuti sichingakhululukidwe pansi pano. Chakudya chinasiya kukoma. M'kalasi aphunzitsi ankalankhula za matenda a shuga, iye akuona msana.

Tsiku la mpikisano mvula inkawaza monga mwa nthawi zonse, koma holo inadzaza. Amalawi anakhala mbali imodzi, ana akuthamangathamanga pakati pa mipando. Amayi athu anatuluka m'madiresi akuda aja, osokedwa ndi Olivia usiku ndi usana, ena othina ena okhwepa, ndipo amuna awo anayesetsa kusaseka podziwa kuti kobwerera n'kumodzi.

A ku Shawlands ndiwo anayamba, ndipo tinene zoona, anachita bwino, miyendo yowongoka ngati anaiyeza ndi rula. Mayi Gwanda anangotsonya.

Nthawi yawo itakwana, piyano inayamba, zibonga zinakwera pamodzi, zinatsika pamodzi, zinazungulira kumbuyo kwa mitu popanda kukhudzana ngakhale kamodzi. Mayi Lucia anakhala kutsogolo ndi bandeji yawo, milomo ikutsatira nyimbo ya mumtima ija. Oweruza, agogo atatu a magalasi, anayamba kugwedeza mitu. Kenako phiri. Olivia pansi, Mayi Gwanda pansi, enawo mbali ndi mbali. Temwa anafika kumbuyo kwawo n'kukweza phazi, koma phazi linakana. Anaona msana uja, waukulu, diresi litanyowa thukuta pakati, ndipo mutu usanaganize thupi linachita zimene linaphunzitsidwa ku Ekwendeni. Anagwada. Anagwada bwinobwino, zibonga pachifuwa, maso pansi.

Woimba piyano, bambo wachikulire wa dazi, anabwereza mzere uja poganiza kuti wathamanga ndi iye. Anabwerezanso. Oweruza anayang'anizana. Kate kumbali anali atagwira kumutu ndi manja onse awiri. Mbali ya Amalawi inali zii, chifukwa kumeneko aliyense wobadwira kumudzi anaona bwino chimene chinkachitika.

Mayi Gwanda anatembenuza khosi pang'ono, ali chigwadire, n'kulankhula motsitsa mawu koma momveka kwa timu yonse.

"Apongozi, mukufuna ndifere pano? Kwerani."

Temwa anaganiza kuti makutu amunamiza. Anacheuka kuona ngati kumbuyo kwake kuli munthu wina.

"Ndikunena inu amene. Mawondo akupweteka awa. Kwerani, zinazo tikakamba kunyumba."

Mmene anakwerera, Temwa sakudziwa mpaka lero. Anangozindikira ali pamwamba, zibonga m'mwamba, misozi ikutsikira m'khosi. Kutsogolo anaona Eneya akujambula ndi foni, akumwetulira, wosadziwa kuti nkhani yake yangoweruzidwa kumene iye ali pomwepo. Pansi pa phazi lamanja msana unkanjenjemera. Temwa anachita mantha kuti akuwalemera, koma ayi, mayiwo ankaseka.

Vuto linali Olivia. Mawu aja anawamva, ndipo Olivia si munthu wosunga chinthu m'mimba. Ali chigwadire chomwecho, nkhope ili pansi, anaimba nthungululu. Amayi a m'mbali analandira. Mayi Lucia pampando analandiranso osadziwa n'komwe chifukwa chake, ndiye mbali yonse ya Amalawi inayaka moto. Phiri linagwedera, linapendama, koma linapirira mpaka piyano inatha, kenako n'kugumuka, azimayi mbwerekete pansi akuseka ngati ana a sukulu.

Chikho chinapita ku Shawlands. Oweruza anati zibonga zinali zapamwamba, koma kuchedwa kukwera ndi phokoso lija zinawononga, popeza akale aja ankachita zonse mwakachetechete. Mmodzi anafunsa Kate ngati kugwada kuja kunalipo kalelo, chifukwa iye anali asanakuonepo koma kunamusangalatsa. Kate anati afufuza.

M'chipinda chosinthira zovala, Temwa anadikira kuti ena atuluke. Mantha anali atabwerera onse, pakuti chikho chinali chitapita ndipo wochedwetsa anali iye. Anapeza Mayi Gwanda atakhala pa benchi akusisita mawondo. Anagwada chapatali n'kuyamba kupepesa, za chikho, za phazi, za zonse.

Mayiwo anamulekerera mpaka anamaliza. Kenako anati za chikho n'zowawa ndithu, sangabise, ndipo a ku Shawlands asagone tulo chifukwa adzaonananso. Za Eneya anati anadziwa kalekale, tsiku limene mwana wosadziwa kumene kumakhala simbi anayamba kusita malaya popita ku tchalitchi. Anangokhala chete podikira a Charles, monga mwambo ufunira, koma kudikira kwake kwawatopetsa. Temwa anafunsa ndi mawu ang'onoang'ono ngati sanakhumudwe ndi kupondedwa kuja.

"Mukuganiza kuti ndinagwadira chikho chokha?" anatero Mayi Gwanda. "Lucia atavulala ndikanatha kuloza wina. Msana wanga sapondapo mlendo. Ndiye mwandiponda pamaso pa Glasgow yense, kothawira kulibenso."

Temwa chimwemwe chinamukulira, moti sanadziwe ngati aseke kapena alire, ndiye anachita zonse ziwiri. Mayi Gwanda anatembenuka n'kumupatsa msana, ati tandimasuleni zipiyi, Olivia anasoka ngati akusokera mwana.

Temwa anasendera pafupi. Pa diresi lakudalo, pakati pa mapewa ndi chiuno, panali chidindo cha fumbi, phazi lake lonse lathunthu mpaka zala. Manyazi anamugwira, n'kukweza dzanja kuti asase msanga.

"Chisiyeni," anatero Mayi Gwanda osacheuka n'komwe. "Bambo ake a Eneya ali ku ntchito, sanaone. Ndikufuna akadziwe kukula kwa phazi lolowa m'nyumba mwawo."

Temwa anatsitsa zipi pang'onopang'ono, molewa chidindocho.